Za Pansi pa Misomali

Ntchito inali yosasula denga basi,
nyumba yakale ku Chikanda,
malata ofiira ngati dothi la pachulu.
Abiti Ndembo anati, "Amisiri, changu,
mitambo yayamba kugona paphiri."

Msomali woyamba unazuka utavala kamphete kakuda.
Ndinakapukuta ndi chala:
chisoti chachifumu, minyanga, malemba ozungulira bowo.
Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatunso.
Pofika masana thumba la ovolosi linkalira lokha,
makobidi makumi atatu ndi anayi.

Sindinauze munthu, ndivomere.
Usiku ndinawakwecha ndi ndimu ndi phulusa
mpaka kuwala kuti mbee,
uku mtima ukugula kale njinga yamoto,
ukulipira fizi ya Tamvana,
ukutseka pakamwa amayi a banki mkhonde.

Che Mpotola amakonza mawotchi pakhomo la msika,
pakati pa wa maloko ndi mayi wa mapichesi.
Anapana kagalasi ndi diso limodzi,
nkupukusa mutu.
"Wakwecha ndani? Ndalama yakale sasambitsa.
Litsiro lija ndiye linali mboni yake."

Kenaka anayamba kuziitana imodziimodzi
ngati mphunzitsi wa sitandade wani.
"Ya minyangayi ndi masenti khumi,
inkayenda ku Kenya ndi ku Uganda.
Yopyapyalayi, ya bowo ngati diso la kadzidzi,
ndi paisa ya ku Indiya, ya m'zaka za nkhondo.
Ya nyenyeziyi yachokera kuzambwe kwa Afirika,
taona Chiarabu m'mphepetemu.
Koma ya njovu ziwiriyi ndaidziwa osavala galasi,
ndi ya nthawi ya Chitaganya,
mayi anga ankandituma nayo machesi."

Ndinafunsa chimene ndinabwerera.

Anatulutsa buku lothothoka chikuto,
nkunyambita chala, nkutsegula, nkutsekanso.
"Anazisula zankhaninkhani, mwana wanga.
Zonse pamodzi, utapeza wokonda zakale,
mwina thumba limodzi la simenti.
Mmene wazisambitsiramu, theka."

Njinga yamoto inazima pomwepo.

Iwo sanandiyang'ane. Anali kuziyala pa thebulo,
iyi kuno, iyo kutsogolo, ina pambali,
pakati pa timawilo ta mawotchi akufa.
"Uwu ndi ulendo wa munthu mmodzi," anatero.
"Anakwera sitima pa Mombasa, anatsika kwa amwenye,
ya nyenyeziyi anasinthana ndi mnzake m'hema,
mwina ndi fodya.
Wokhoma denga lakolo anali wa Keyala."

Ndinatsika wapansi mpaka ku Chikanda,
thumba likulemera kuposa m'mawa.
Ndinazikhuthula pa mkeka, ndilibe mawu okonzeka.

Abiti Ndembo sanandifunse komwe zinagona.
Anatola paisa ija, nkusuzumira pabowo
ngati akuona munthu patali.
"Ababa anabwera nazo m'sokosi.
Anapita nazo kusitolo, anawabweza:
kuno siziyenda izi.
Anazisunga zaka khumi osazitchula.
Tsiku logula malata anati,
ndalama yokana kugula mchere
igwireko ntchito ina, itseke mvula.
Ya njovuyo anachita kuwonjezera,
zinaperewera pa lata lomaliza."

Anakhala chete pang'ono.
"Za kunkhondo sanatiuzepo kanthu.
Kani zinali pamutu pathu nthawi yonseyi."

Anazitunga pa ulusi wa thumba la feteleza,
makumi atatu ndi zitatu,
nkuzipachika pa msomali wa kalendala.
Yotsalayo anandipatsa ine.
Ndinaganiza kuti ndi malipiro a manyazi anga,
koma analoza kumwamba.

Ndinakwera makwerero dzuwa likulowa.
Pa lata latsopano, pamwamba pa chipinda chawo,
ndinaveka msomali masenti khumi a ku Kenya,
ndi kukhoma katatu.

Mvula inatsika phiri Lachinayi usiku.
Ndinali kwathu ku Chinamwali, maso ali gwa,
ndikumvetsera kudontha kwa denga langa
m'beseni.